Yankho la Yohane

Ndikukumbukira tsiku limene wansembe anabwera pa njinga yamoto kusukulu yathu, cha ku Kabudula, kudzasankha mnyamata mmodzi wopita kuseminale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amalume anali atanena kale kuti ndikalephera, sukulu yathera pomwepo, ndikathandize kusoka fodya.

Aphunzitsi athu ankatiphunzitsa aneni a Chilatini ngati nyimbo. Amo, amas, amat, ndodo ikugunda tebulo, ife tikuponda pansi. Pa kuimbako panalibe wondiposa, ndipo ndinkayenda chifuwa patsogolo. Matanthauzo sindinkawalabadira. Amene ankavutika nawo anali Yohane, mnzanga wachibwibwi, yemwe ankatsalira tikaweruka n'kumafunsa aphunzitsi liwu lililonse mpaka kuwatopetsa. Tinkamuseka.

Tsiku limenelo anatiimika pamzere, Yohane kumbuyo kwanga. Wansembe anapukuta fumbi pamagalasi, n'kundiloza.

"Monebit."

Ndinayamba nyimbo yanga kuchokera pamwamba: moneo, mones...

"Ayi, mwana wanga, usaimbe. Tanthauzo lake n'chiyani?"

Thukuta linatsika mumsana, ndipo ndinaona aphunzitsi akuyang'ana kudenga ngati sakundidziwa. Wansembe anawerama kuti alembe. Apo ndinamva mpweya wofunda pakhutu panga. Chibwibwi cha Yohane chinkatha akamanong'ona.

"Adzachenjeza."

"Adzachenjeza, Abambo!" ndinafuula.

"Wakhoza. Waganiza kaye, ndi bwino."

Itafika nthawi yake, Yohane anafunsidwa mneni wosavuta. Ankamudziwa, tonse tinkadziwa kuti akumudziwa. Koma lilime linakakamira pa chilembo choyamba, mitsempha ya pakhosi n'kutupa, maso ali psuu. Wansembe anadikira pang'ono, kenaka anapita kwa wina. Ndikanatha kukweza dzanja n'kunena kumene yankho langa linachokera. Ndinaopa fodya wa amalume, ndipo ndinakhala chete.

Dzina langa ndi limene linatchulidwa. Pobwerera Yohane anandinyamulira sileti, nati, "U-u-ukatilembere kalata." Sindinalembe. Manyazi anandigwira dzanja chaka ndi chaka, mpaka ndinamva kuti anapita kumigodi ku Joni.

Unsembe sindinaufike, koma Chilatini ndinachidziwa, ndipo ndachiphunzitsa mpaka imvi. Anthu amati ndinali mwana wanzeru. Lero ndikudziwa kuti kulakwa kwanga sikunali kulandira yankho lija, poti anandipatsa yekha ndi mtima wonse. Kunali kuima chete pamene iye ankavutika kutulutsa lake. Malo amene ndakhalapo moyo wanga wonse anali a Yohane, ndipo sindinamuuzepo ngakhale zikomo.