Kukaona Mwini Vidiyo ku Namitete

Loweruka loyamba la mwezi wa Juni, nthawi ili 6 koloko m'mawa, ndinanyamuka kwathu ku Kabudula kupita ku Namitete. Anandituma ndi mlongo wanga Naphiri. Mwana wake Esinta anali atanena kuti pali mnyamata, dzina lake Yohane, wofuna kumukwatira, ndipo ntchito yake ndi yoonetsa mafilimu. Ine monga malume wake ndinayenera kukamuona kaye akwawo asanabwere kudzafunsira mbeta. Naphiri anati ndikabwerako ndi chikayiko, nkhaniyo ithere pomwepo. Iyeyo mwamuna wake anamusiya Esinta akadayamwa, choncho sakhulupirira mwamuna msanga.

Kuchoka kwathu mpaka pa Nsaru ndinakwera njinga yamoto, K3,000. Kunali chisanu ndi fumbi, ndipo ndinathokoza kuti ndinavala jekete. Woyendetsa atamva kuti ndikupita kwa munthu wa vidiyo, anati iye amaonera mpira wokha, chifukwa mpira ndi wokhawo umene mapeto ake sadziwika.

Pa Nsaru minibasi inali ndi anthu anayi okha. Ndinalowa m'tiyirumu kumwa tiyi ndi mbatata yophika. Pa wailesi ya kanema pankaoneka pulogalamu ya ulimi. Kwathu ndimaonera kanema kwa aphunzitsi oyandikana nafe, amene ali ndi sola, ndipo pulogalamu zotere ndi zimene ndimakonda. Chondidandaulitsa n'chakuti wophunzitsa wa pa kanemayo amaima m'munda atavala magambuti opanda ndi thope lomwe. Masewero a kuno kwathu ndimaoneranso, koma anthu ake amakalipa kwambiri, ndipo ngakhale wosauka wa m'seweromo amakhala m'nyumba ya mpanda.

Tinanyamuka cha m'ma 8, K5,000 mpaka pamphambano ya msewu wa ku Mchinji. Pamenepo ndinakwera minibasi ina ya K4,500. Imeneyi inali ndi kakanema kutsogolo, ndipo ankaonetsa filimu ya nkhonya ya ku China yoikidwa mawu a Chichewa. Mafilimu amenewa sindiwakonda. Munthu mmodzi amamenya anthu makumi atatu, iwo n'kumadikira pamzere kuti aliyense amenyedwe payekha. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi anati womasulirayo ndi wabodza, pakuti Mtchaina sanganene kuti akuthamangira ku Msundwe kukagula kanyenya. Kondakitala anayankha kuti bodzalo ndi limene anthu amalipirira.

Titadutsa pa Mpingu, mayi wina wonyamula nkhuku ziwiri anati iye amakonda masewero achikondi a kunja, aja amayenda miyezi isanu ndi umodzi osatha. Anavomera kuti anapserezapo nyemba kawiri chifukwa cha mtsikana wina wa m'menemo amene anasinthidwa kuchipatala ali wakhanda. Ndinamufunsa ngati mtsikanayo anawapeza makolo ake.

"Magetsi anathima, bambo," anatero.

Pa Namitete ndinatsika 11 koloko itangokwana. Ndinadya tchipisi cha K1,500 pa chiwaya, ndipo wokazingayo anandilozera kumene kuli vidiyo ya Yohane. Inali nyumba ya njerwa zosawotcha, mazenera otsekedwa ndi masaka, sipika yaikulu ili panja. Pakhomo panali mnyamata wamtali wolandira ndalama. Ndinapereka K200 osanena kuti ndine yani. Anailandira ndi manja awiri.

Mkatimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Pa mabenchi panali amuna pafupifupi makumi awiri, ambiri a iwo matenanti a m'maesiteti a fodya, ndi amayi atatu kumbuyo. Filimu inali itangoyamba kumene. Ndisanakhazikike n'komwe, chithunzi chinazima, ndipo m'malo mwake munabwera kwaya ya amayi ovala zoyera, akuimba m'mbali mwa mtsinje.

Anthu anayamba phokoso. Wina anafunsa ngati lero ndi Lamulungu. Wina anati akanafuna kwaya akanapita kutchalitchi, kumene salipiritsa pakhomo. Kenaka ndinaona kuti mitu ikutembenukira kwa ine, munthu yekhayo wa jekete ndi nsapato zopolisha. Ndinatuluka.

Mnyamata uja anachoka pampando n'kunjuta pambali pa khomo. Ndinamufunsa ngati ndiye Yohane, ndiponso chifukwa chimene wasinthira filimu. Anavomera kuti ndi iye. Anati Esinta anamuimbira foni m'mawa kuti amalume anyamuka ndipo avala jekete yabulauni. Usiku wonse wapitawo n'kuti asakudziwa kanthu, koma kuyambira m'mawawo anali akufunafuna kwaya kwa anzake, poopa kuti ndikaona zimene amaonetsa ndibwerera pakhomo pomwepo.

Chinthu chimenechi sichinandisangalatse, ndipo ndinamuuza.

"Achimwene, ine ndabwera kudzaona zimene mumaonetsa ine kulibe. Bwezeretsani zimene anthu alipirira."

Anabwezeretsa, ine n'kubwerera pa benchi. Inali filimu ya ku Nigeria. Mafilimu amenewa amatalika popanda chifukwa: galimoto kulowa pageti kokha kumatenga mphindi zisanu, ndipo munthu akayamba kulira ungathe kupita kukamwa madzi n'kumupeza akadalira. Koma nkhani zake ndi za m'midzi mwathu momwe. Iyi inali ya banja limene linakhala zaka zisanu popanda mwana. Mayi wa mwamunayo anabweretsa mkazi wina, n'kutaya panja katundu wa mkazi woyambayo mvula ikugwa. Pamenepo amuna angapo anaomba m'manja. Gawo loyamba linathera pomwepo, ndipo lachiwiri anati ndi la mawa.

Anthu atatuluka, Yohane ananditengera kuseri kwa nyumbayo, kumene anayanika mtedza wa m'munda mwake. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pansi. Anandifotokozera za kwawo, za mayi ake, ndi za ekala imodzi ndi theka imene amalima. Zimenezi aliyense wofuna mkazi amanena. Ine ndinamufunsa za filimu ija. Ndinati waionetsa kangapo, nanga wolakwa ndani, mkazi woyambayo kapena mpongozi wake?

Anatola mtedza umodzi n'kuuswa.

"Amalume, ine ndimaona kuti ndi mwamunayo. Zaka zisanu akuloza mkazi chala, iye osapita kuchipatala kukayezetsa ngakhale tsiku limodzi. Ndiye katundu akutayidwa panja, iye waima pakhonde manja ali m'thumba, eti chifukwa alankhula ndi mayi ake."

Ndinamufunsa ngati gawo lachiwiri likunena zimenezo. Anati ayi, m'gawo lachiwiri zimapezeka kuti mpongoziyo ndi mfiti, ndipo mwamunayo amakhululukidwa osapepesa n'komwe. Anati n'chifukwa chake iye gawo lachiwirilo salikonda, ngakhale ndi limene limadzaza mabenchi.

Kunena zoona, ine ndili pa benchi paja ndinaweruza mpongozi yekha. Za mwamuna woima pakhonde sindinaziganizire.

Ndinakana chakudya, pakuti nkhani inali isanafike podyerana. Anandiperekeza kusiteji akuyenda pambuyo panga. Ndinakwera minibasi ya 2 koloko, yopanda kanema, ndipo ndinafika kwathu dzuwa litangolowa. M'njiramo ndinaganiza kuti mukafunsa munthu za iye mwini amakupatsani yankho lokonzeratu, koma mukamufunsa za banja la m'filimu amayankha za mumtima mwake, poti sadziwa kuti akudzinena yekha.

M'mawa mwake ndisanapite kutchalitchi ndinadzera kwa Naphiri. Ndinamupeza akusesa pabwalo, Esinta ali m'khitchini chitseko chili chotsekula. Ndinanena zonse, za kwaya zomwe, osabisa. Ndinati mnyamatayo ndi wamantha ndipo mantha anamuchititsa chinyengo, koma atagwidwa sanakane. Kenaka ndinabwereza mawu ake a mwamuna woima pakhonde. Naphiri anasiya kusesa.

"Auzeni akwawo abwere," anatero.