Kalamba kofiira pa mkono wa mdzukulu wanga

Ndili mtsikana, mawu akuti mnofu ndinkawadziwira pa nyama basi. Tsiku la msika ku Kandeu wogulitsa nyama ya mbuzi ankafunsa kuti, "Ya mnofu kapena yosakaniza?" Ife tinkagula yosakaniza, yamafupa. Mnofu unali wa alendo ndi wa okalamba opanda mano. Zoti nanenso ndili nawo, kuti ndi chofewa chonse chimene Mulungu anayala pakati pa khungu ndi fupa, sindinkaziganizira.

Anandiphunzitsa ndi mdzukulu wanga, amene mayi ake, mwana wanga, anamwalira iye akadayamwa. Chaka chimene chimanga chinapserera ndi dzuwa, mwanayu anayamba kutha. Pomusambitsa ndinkagwira nthiti zokhazokha, matako atakwinyika ngati kathumba kopanda kanthu. Ndinamubereka kupita naye ku sikelo ku Kasinje.

Namwino anakulunga kalamba kamitundu itatu pa mkono wake, pakati pa phewa ndi chigongono. Kanathera pofiira.

"Mukuyeza fupa, anamwino?" ndinafunsa.

"Fupa lilipo, agogo. Tikufuna mnofu. Ukatha apa ndiye kuti watha thupi lonse, ndipo mwana tingamutaye."

Anatipatsa timapaketi ta chiponde, natichenjeza kuti ndi mankhwala a mwana yekhayu.

Amuna anga ndi munthu woopa Mulungu. Pakhomo pathu munthu sadya chinthu wina akuyang'ana. Ngakhale mbatata imodzi ya kachewere yootcha timaibenthula mpaka ikwanire. Ine ndikapita kudimba, iwo ankakhazika adzukulu onse pamphasa, ndi ana a pafupi omwe, n'kupemphera, n'kumawanyambititsa chiponde ndi supuni mmodzimmodzi. Wodwalayo, pokhala wofooka, ankangolawa n'kutembenuza nkhope. Ine osadziwa.

Titabwerera ku sikelo, kalamba kanathera pofiira pomwe paja. Namwino anandiyang'ana.

"Agogo, chiponde chija chikudyedwa ndi pakamwa pangati?"

Nditafika kunyumba ndinafunsa, ndipo amuna anga sanabise.

"Abambo, chifundo chanuchi chitiphera mwana."

"Ndiye amayi, ndizimudyetsa enawa akumeza malovu? Munaziwerenga pati zimenezo?"

"Nanga mbusa uja anasiya nkhosa zonse kukafuna imodzi yotayika, zinazo anazida?"

Anayang'ana pansi. Kenaka anati, "Koma ine maso awo sindingawapirire."

Kuyambira mawa lake, nthawi yodyetsa ikakwana iwo ankatenga ana ena onse kupita nawo kudimba kukaotcha kachewere. Ine ndinkatseka chitseko masanasana n'kumudyetsa pang'onopang'ono ndi chala. Zinkandipweteka ngati ndikuba. Kuchitsime ndinamva kuti akutinena, akuti a kutchalitchi aja ayamba kudya motsekera. Ndinangotunga madzi anga n'kubwerera.

M'nyumba yotsekayo ndinkalingalira za chigwa chija cha mafupa ouma cha m'Malemba. Ndinali nditaimva nkhaniyo kambirimbiri, koma mtima wanga unkathamangira ku mpweya wa moyo. Tsopano ndinaona kuti Ambuye sanayambe ndi mpweya. Anayamba ayala mitsempha, n'kuikapo mnofu, n'kukuta ndi khungu. Chinthu chofewachi, chimene chimatha msanga ndi njala ndipo chimayamba kuola m'manda, Iye sanachipeputse. Pemphero langa linafupika. Ndinkangogwira kamkono kaja n'kunena kuti, "Ambuye, ikanipo mnofu apa."

Sunabwere tsiku limodzi. Ndinayamba kuuona m'masaya, kenaka nsalu yomuberekera inayamba kundikoka pamapewa pokwera chitunda. Kalamba kanafika pachikasu. Mvula yoyamba itagwa, kanathera pobiriwira, ndipo namwino anati chiponde basi.

Tsiku limenelo amuna anga anatsina mkono wa mwanayo mofatsa, pamalo pomwe ankayeza paja, mnofu n'kudzaza pakati pa zala zawo. Anatsegula chitseko n'kuchigwiriza ndi mwala. Anaitana ana onse pamphasa, nafukula mbatata paphulusa, naibenthula. Mdzukulu wanga anatambasula dzanja pamodzi ndi anzake, n'kulandira yake.