Tsiku Limene a Fyson Anadzimanga Okha Malamba

Ndakhala pabanja ndi a Fyson zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikumva za zingwe. Anachoka ku Nsipe kuno ali mnyamata, kupita ku Joni pa Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo kumeneko ankayang'anira zingwe zotsitsira anthu m'mgodi. Anabwerako ndi wailesi, chifuwa chosatha ndi matama. Wailesi inafa kalekale, koma matamawo alipobe. Ngakhale mbuzi ndikamanga ine, amabwera kudzamasula n'kumanganso.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti si munthu woipa. Sanandimenyepo, kutchalitchi sajomba, ndipo mwambo amausunga kuposa wina aliyense. Koma makani, mayo ine!

Mwana wathu Silvester nayenso ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano, ndipo foni amaimba mwa apo ndi apo. Anatisiyira mkazi wake Salome ndi ana awiri. Chaka chatha Salome anapeza ntchito pa loji ina kumapiri, kumene anthu a m'tauni amabwera kudzayenda pa zingwe ndi timatabwa topachikidwa m'mwamba pakati pa mitengo ya bulugama. Ntchito yake inali yomanga alendo malamba m'chiuno ndi m'ntchafu kuti akaterereka asafike pansi. Eni lojiyo anati amuyesa kaye miyezi itatu. Tsiku lomaliza, bwana wa pamalopo analola antchito kuitana abale awo kuti akwere ulere, iye akuonerera mmene aliyense akugwirira ntchito.

Salome anatiitana, koma ine ndinanena ndisanachoke pakhomo kuti mapazi anga ndi a pansi. A Fyson anapesa tsitsi, n'kutsogola.

Titafika, Salome anabwera ndi malamba m'manja, nagwada chapatali.

"Bambo, lamulo la pano ndi lakuti ndikumangeni ine, ndionenso ngati athina."

"Iwe? Kundigwira m'ntchafu ine?" anatero a Fyson. "Unaona kuti mpongozi akupapasa apongozi ake? Ika pansi pomwepo."

"Bambo a Silvester," ndinawanong'oneza, "ali pantchito mwanayu. Mulekeni."

"Mayi, zingwe ndinayamba kuzigwira uyu asanabadwe."

Bwana uja anali atatembenukira kwa gulu lina. Salome anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo pamenepo ndimadzida nane mpaka lero. Anaika malambawo pa udzu, n'kuyang'ana kumbali monga tinamuphunzitsira ife tomwe. A Fyson anavala okha. La m'chiuno anakoka bwino, koma a m'ntchafu anawasiya lendelende, ati mwamuna samangidwa ngati thumba la makala.

Makwerero anakwera mwamphamvu, ndisaname. Thabwa loyamba anaponda, lachiwiri anaponda. Lachitatu linagwedezeka, ndipo katswiri wa ku mgodi uja anakuwa dzina langa. Kenako phazi linaterereka. Chingwe chinawagwira, koma malamba okhwepa aja anakwera mpaka m'khwapa, iwo n'kumalendewera, akupalasa miyendo m'malere, maso ali tong'o. Anyamata awiri anakwera n'kuwatsitsa. Sanavulale paliponse, kungosupuka m'nthiti basi.

Bwana anabwera akuthamanga, nagwira malambawo.

"Wamanga bambowa ndani?"

Ndinadikira kuti amuna anga atsegule pakamwa. Anali kalikiliki kusasa fumbi pa buluku.

"Ndine, bwana," anatero Salome.

Bwana anamuuza kuti apite kunyumba, adzamva Lolemba. Njira yonse yobwerera ndinawalalatira a Fyson osapumira, anthu m'minda akuimika makasu kutimvera. 

M'mawa mwake a Fyson anadzuka osauza munthu, nakwera njinga kubwerera kuloji kuja. Anakavula chipewa pamaso pa bwana, munthu wa msinkhu wa mwana wawo, n'kuulula zonse: kuti Salome sanawakhudze, kuti anamukaniza ndi iwo, kuti mwanayo anangosunga ulemu. Ankaganiza kuti akukonza zinthu.

Anabwera masana, nakhala pakhonde osavula nsapato. Ndinawafunsa kumene achokera.

"Bwana akuti akanakhala kuti anamanga molakwitsa, akanamuphunzitsanso," anatero, mawu ali pansipansi. "Koma poti analola munthu kukwera osamuona malamba, ameneyo sangamusunge."

Salome anali kuseri kwa nyumba akuchapa zovala za ana, ndipo anamva zonse. Ndinamva madzi akukhutulidwa. A Fyson anadzuka, anayenda mpaka pangodya ya nyumba, n'kuima pomwepo. Mwambo sulola kuti amuyandikire mpongozi wawo n'kumuyang'ana m'maso, choncho anapepesa akuyang'ana khoma.