Masitepe Amene Aphunzitsi Anajambula

Msana wanga umayamba kuwawa ndisanadzuke n'komwe. Kuchipatala amati ndi ukalamba, ine ndimangovomera chifukwa ndinatopa kufotokoza. Ukalamba ulipo, sindikana. Koma msana uwu unathera pa masitepe a nyumba yathu, ndipo amene anajambula masitepewo ndi amuna anga, ndi lula ya kusukulu.

Iwo anali mphunzitsi wa masamu, kwawo ku Katete. Boma linawatumiza kuno ku Feira ali mnyamata, akuganiza kuti angokhala pang'ono n'kubwerera kwawo kozizira. Anakumana ndi ine, mwana wa ku Mphuka wogulitsa nsomba zouma pamsika, basi, zobwerera ku Katete zinathera pomwepo. Anazolowera kutentha, anazolowera masau, anaphunzira ngakhale kukalipa m'Chikunda, koma madzi sanawazolowere. Bwato ankakwera atatsinzina. Mvula ikagwa masiku awiri ankafunsa aliyense wodutsa ngati Zambezi wadzaza.

Moyo wathu wonse tinkakhala m'nyumba za sukulu. Atatsala pang'ono kupuma pantchito tinapeza puloti kumtunda kwa Boma, pamalo okwera pamene madzi sanafikepo chibadwire changa. Nthawi yomweyo pasukulu pawo ankamanga makalasi atsopano, ndipo amene anajambula makalasiwo anali mtsikana wa ku Lusaka, amene ankabwera kudzaona ntchito. Ankamutcha akitekiti, munthu wophunzira kuganizira nyumba isanamangidwe. Ndine ndinaumiriza kuti timuitane. Ndinali nditalowa m'kalasi lake lina masana mu Okutobala n'kupeza mphepo ikuwomba m'katimo. Kuno munthu amene wapeza mphepo mu Okutobala ndi wofunika kumumvera.

Anabwera Loweruka. Anazungulira puloti, anayang'ana kolowera dzuwa, kenako tinakhala tonse atatu pansi pa mtengo wa masau. Ine ndinkadikira kuti atulutse zithunzi za nyumba zokongola tisankhepo. Iye anangoyamba kufunsa m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, ndipo ankafunsa ine.

"Amai, muphikila kuti, panja olo mukati? Manzi mutapa kuti? Nsomba zanu muyanika pati?"

Chikwatiwire changa panalibe amene anandifunsapo kumene ndimafuna kuphikira. Ndinayankha mpaka kukhosi kuuma. Amuna anga anayamba kugwedeza mwendo, chizindikiro choti phunziro latalika ndipo wophunzitsa si iwo.

Kenako mtsikanayo anatembenukira kwa tonse. "Manje nifunseko chimodzi. Iyi ni nyumba yokalambilamo. Ngati tsiku lina umodzi wa imwe adwala, sakwanisa kuyenda, azangena bwanji? Azasamba kuti?"

Kwathu munthu satchula matenda pamalo pamene maziko sanakumbidwe, chifukwa kutero kuli ngati kuwapatsiratu chipinda. Amuna anga ananyamuka n'kusasa fumbi kuthalauza.

"Mwana wanga, tinakuitana kuti ujambule nyumba, osati chipatala. Miyendo yanga ndi iyi, iwiri, waiona."

Mtsikanayo anapepesa mwaulemu, koma funso lake sanalibweze. Anati akanakonda nyumba yotsika, ya makomo aakulu, bafa lili pafupi ndi chipinda chogona. Atapita, amuna anga anati, "Ameneyu atilodza. Ndiye timulipire chifukwa chofunsa mafunso? Ine ndafunsa mafunso ana a eni moyo wanga wonse." Sitinamuitanenso.

Pulani anajambula okha, pathebulo lodyera, pensulo ili kukhutu. Kunena zoona inali yokongola, mizere yowongoka ngati mayeso. Maziko anawakweza kufika m'chifuwa mwa munthu, ati madzi akadzabwera adzatipeza tili pamwamba, komanso ankafuna kuona mtsinje ali pakhonde popanda kuuyandikira. Masitepe anawapanga oima kuti asadye bwalo. Paseji yolowera kuzipinda anaichepetsa chifukwa, m'mawu awo, palibe amene amagona m'paseji. Bafa analiika kumapeto kwenikweni, ndi kakhomo kopapatiza. Mmisiri wathu, bambo wa ku Kavalamanja, anayang'ana pepala n'kunena kuti aphunzitsi ndiwo adziwa, ndipo anamanga zimene anapatsidwa. Ine ndinangoti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Iwo anaseka n'kunena kuti makomo alipo, ndiwerenge.

Tinalowa. Anthu anaiyamikira, ndipo wolondolera mlendo njira ankati ukafika panyumba yaitali ya aphunzitsi ukhote. Zaka zimenezo zinali zabwino, ndisaname. Madzulo iwo ankakhala pakhonde kuyang'ana mabwato akuwolokera kutsidya ku Zumbo, akumanena limene ladzaza kwambiri. Madzi a mpopi ankalephera kukwera kufika m'nyumba, choncho ndinkatunga pansi pabwalo n'kukwera ndi zigubu. Ndinkadandaula, koma kudandaula kwa munthu wamphamvu, kumene kumatha ukamwa tiyi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina akuthirira mandimu awo anagwa, chitini chili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Tinakhala kuchipatala nthawi yaitali, ndipo potuluka mbali ya kumanja inali itafa, kamwa litapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Mwana wathu wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anatumiza mpando wamatayala. Galimoto inatisiya pageti. Ndinawakankha kudutsa pabwalo mpaka pa sitepe yoyamba, ndipo pamenepo tinaima. Ndinayang'ana m'mwamba. Iwonso anayang'ana m'mwamba.

Tsiku limenelo anawanyamula ndi amuna a pafupi, mpando ndi munthu yemwe. M'katimo mpando unakana kukhota m'paseji. Unapala penti mbali zonse n'kukakamira pakhomo la kuchipinda. Anachita kuwatulutsamo n'kuwanyamula m'khwapa, miyendo ikukwekwereza pansi, munthu amene ana asukulu ankaimirira akamalowa.

Masabata oyamba anthu amabwera. Kenako mvula imagwa, wina amapita kumunda, wina kumtsinje, ndipo sungawaimbe mlandu. Ndinatsala ine. Ndinaphunzira kuwabereka kumbuyo, dzanja lawo lamoyo litandigwira pakhosi. Kuchoka pabedi kupita pabalaza, kubereka. Kubafa sitinkafikako n'komwe, ndinkawasambitsa m'beseni pabalaza nditatseka makatani, kenako kukolopa. Tsiku lopita kuchipatala ndinkayamba ndazungulira makomo a anthu kupempha manja, ndipo kupempha kumatopetsa kuposa kunyamula. Mawindo aakulu amene anawaika kuyang'ana kumtsinje ankalowetsa dzuwa lonse la masana, malata akuwotcha pamwamba. Munthu wosatha kudzitembenuza amapsa ngati nsomba pathandala. Zilonda zinayamba kumsana.

Ndinatopa. Sindikudziwa mawu ena onenera. Ndinkatopa podzuka, ndinkatopa pogona, ndinkatopa ndi anthu ondiuza kuti limbani mtima. Masiku ena ndinkakwiya nawo, ndikamawapukuta ndimakumbukira pensulo ija ili kukhutu, n'kumalakalaka nditawafunsa kuti nanga miyendo iwiri ija ili kuti. Sindinafunse. Maso awo ankasonyeza kuti amadzifunsa okha.

Tsiku lina ndinasowa wondithandiza, nthawi ya kuchipatala ikutha, ndiye ndinati nditsika nawo ndekha. Tili pakati bondo langa linagonja. Sitinagwe kwenikweni, tinangotsetsereka mpaka pansi, ine patsogolo iwo pamsana, n'kukhala m'fumbi ngati ana. M'chiuno mwanga munalira kanthu. Nditacheuka ndinaona akulira, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Ndinawauza kuti kumwambako sitibwererakonso.

Pansi pa mtengo wa masau panali kanyumba ka udzu, kamene tinkasungiramo simenti pomanga, pambuyo pake ine n'kumasungiramo nsomba. Ndinasesamo, anzathu anatsitsa bedi, tinasamukira mmenemo. Munali kozizirirapo, mpando unkalowa ndi kutuluka wokha, zilonda zinayamba kuuma. Koma zovala zathu zonse zinkanunkha nsomba, ndipo nyumba yathu yaitali inali pomwepo kutiyang'ana, mbuzi za eni zikugona pakhonde pake. Amuna anga ankafuna ndiziwatembenuzira mpando kumpanda. Akalephera kupirira ankaloza ndi chibwano n'kunena, "Nyumba... yanga." Ndinadziwa chimene ankaopa. Ankaopa kufera m'nyumba ya nsomba, yawo ili potero.

Ndinauza mwana wathu kuti afunefune mtsikana uja. Anamupeza, ndipo atakhala ndi ntchito ina m'boma lino anatulukira. Sanalinso mtsikana, anali mayi wa ana ake, wovala magalasi. Ndinkaopa kuti anena kuti ndinakuuzani. Ndikanakhala ine ndikananena. Iye anagwada pafupi ndi mpando, anagwira dzanja lamoyo lija ndi manja awiri n'kupereka moni, kenako anapempha makiyi. Anakhala m'nyumbamo nthawi yaitali ndi tepi yake yoyezera, akugogoda makoma.

Atatuluka anatifotokozera tili pansi pa mtengo womwe uja. Anati masitepe akhale, koma m'mbali mwa khoma amange njira yotsetsereka pang'onopang'ono, yaitali chifukwa nyumbayo ndi yaitali, yoti munthu mmodzi akhoza kukankhapo mpando. Khoma la pakati pa balaza ndi chipinda aboole khomo lalikulu, paseji tiiiwale. Kasitolo koyandikana ndi chipinda kasanduke bafa. Denga la kumadzulo alitalikitse kuti lizitchinga dzuwa. Anatiuzanso makoma amene sangakhudzidwe chifukwa ndiwo anyamula denga.

"Sizizankhala monga mwamene tikanachitila pakuyamba," anatero. "Kukonza kuvuta kuchila kumanga. Koma atate bazangena mu nyumba yao." Kenako anawerama. "Atate, pali chamene mufuna niikepo?"

Amuna anga analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti anena za khonde, kapena za mtsinje. Anakweza dzanja n'kuloza ine.

"Funsa... awa. Akakalamba."

Ndinanyamuka n'kupita kuseri kwa kanyumba, ati kukatembenuza nsomba. Nsombazo zinali zitauma kale.

Nditabwerako mayiyo anandifunsadi. Anafunsa mwendo umene umandivuta, mbali imene ndimagonera, ngati ndimatha kuwerama posamba. Anandiimiritsa pafupi ndi khoma, anandiuza kuti ndigwetse mkono mmene ndimayendera, n'kulemba ndi choko pamene dzanja langa linafika. Anati pamenepo padzadutsa chitsulo chogwirira. Amuna anga ankayang'anitsitsa chokocho monga ankayang'anira mwana akulemba pabolodi, ndipo atamaliza anagwedeza mutu kuti wakhoza.

Ntchito inachedwa, monga ntchito zonse za kuno. Simenti inkabwera mwa apo ndi apo, mmisiri sankaoneka nsomba zikachuluka kumtsinje, fumbi la khoma loboola linalowa mpaka m'mapoto. Ine masiku onsewo ndinkangoyang'ana kupuma kwa amuna anga, ndikupempha Mulungu kuti njira ithe iwo asanathe.

Njirayo inatha nyengo yozizira ikuyamba. M'mawa wake sindinaitane munthu. Ndinawaveka shati yoyera, ndinagwira mpando, tinakwera. Sindinapume panjira. Tinalowa pabalaza, tinadutsa khomo latsopano, tinazungulira bedi, tinatulukanso mpaka pakhonde. Pansi apo bwato linali kuwoloka litadzaza matumba. Iwo analiyang'ana n'kunena bwinobwino kuti, "Lalemera." Ndinaseka mpaka m'chiuno kundikumbutsa.

Anakhala m'nyumba yawo miyezi yozizira yonse ndi chiyambi cha kutentha. Anatisiya mvula isanagwe, ali pabedi lawo, m'chipinda chawo. Bokosi linatsika panjira yomweyo osapendekeka.

Tsopano ndili ndekha m'nyumba yaikuluyi. Mwana amati ndipite ku Lusaka, ine ndimati ndikaganiza, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo lake. Mpando uja sindinaupereke. Ndimaikapo zigubu za madzi n'kukankha kukwera nazo, tayala limodzi likulira. Mapuloti oyandikana nafe anagulidwa ndi achinyamata ogwira ntchito m'maofesi, ndipo ena amabwera kudzaona nyumba yaitali ya aphunzitsi, mapepala awo ali m'manja. Ndimawapatsa madzi akumwa, kenako ndimawafunsa kuti mmodzi wa iwo akadzalephera kuyenda adzalowa bwanji. Amaseka mwamanyazi, amayang'anana, amatsanzika msanga. Ndilibe mphamvu zowathamangira.

Masitepe aja akadalipo, koma udzu wayamba kumera m'ming'alu yake. Masiku amene bondo lakana, ndimasiya zigubu pansi n'kukwera ndekha pang'onopang'ono, nditagwira chitsulo chija. Chimandifika m'dzanja ndendende. Mwini nyumba sanachigwirepo n'kamodzi komwe.