Mpasa za a Longwe zinasungunuka mkwatibwi asanafike

Loweruka lapitali ndinachedwa ku ukwati ndi maola awiri, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Mwina mukuseka. Mukuti, nanga maola awiri n'kuchedwanso? Inenso ndinkaganiza choncho. Imvani kaye.

Ku Liwaladzi kuli mkulu wina, a Longwe, amene ndinadziwana nawo zaka zomwe ndinkaphunzitsa kumeneko. Makolo awo anachokera kumpoto kudzapha nsomba kuno, koma iwo za ukonde sizinawalowe. Chawo chinali kusema. Ali mnyamata ankasema ziboliboli n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Kenako anapita ku Joni, n'kukapeza ntchito yotsuka mapoto pa hotela ina yaikulu. Tsiku lina mkulu wa ophika anawapeza akusema kambalame pa mbatata, nthawi yopuma. Sanawakalipire. Anawatengera m'chipinda chozizira, n'kuwaonetsa buloko ya ayisi yofika m'chiuno, n'kuwapatsa tchizulo.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yosema madzi oundana. Ankasema mbalame, maluwa, ngakhale mikango, zokaika patebulo pa maphwando a anthu olemera.

Atabwerera kumudzi luso lija linasowa ntchito. Kuno ayisi timamudziwa wothira m'mabokosi a nsomba, ndi wa mafilizesi a ana. Ndani angayitanitse mkango wa madzi ku Nkhotakota?

A Longwe anali ndi mng'ono wawo amene ankapha mpasa kumathiriro a Bua. Anamwalira kalekale, n'kusiya kamwana kakakazi, Tiyamike. A Longwe ndiwo anakalera. Ndiye amene amakwatiwa Lowerukalo.

Kutatsala milungu iwiri a Longwe anandipeza kwathu pa boma.

“Aphunzitsi,” anatero, “ng'ombe ndilibe, mbuzi zinatha. Chomwe ndatsala nacho ndi manja awa. Ndikufuna mwanayu aone kamodzi kokha chomwe ndinkachita ku Joni. Kagalimoto kanu kaja kakuyendabe?”

Ndinavomera. Sindinkadziwa kuti ntchito yake ndi yotere.

Choyamba, ayisi wa nsomba sasemeka. Ndi woyera ngati mkaka chifukwa mkati mwake mwadzaza mpweya, ndipo ukamumenya amangoyoyoka. Wosema amafuna ayisi woonekera ngati galasi. Tsono a Longwe anapita kwa mayi Asiyatu, amene amaumitsa ayisi wogulitsa kwa ogula nsomba, n'kuwapempha firiji imodzi yaikulu. Madzi anawawiritsa kawiri, n'kuwaziziritsa, n'kuwathira m'mabokosi awiri osungiramo zozizira, n'kuwaika m'firijimo osavindikira. Anandifotokozera kuti akatero madzi amayamba kuundana kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, n'kumakankhira mpweya pansi. Zimafuna masiku anayi.

Tsiku lachitatu magetsi anathima tsiku lonse. Zonse zinaonongeka. Anawiritsanso madzi ena, n'kuyambiranso. Mayi Asiyatu anangoti, “Inshallah ulendo uno zitheka,” n'kuwasiyira firijiyo sabata inanso, makasitomala awo akudandaula.

Loweruka dzuwa likutuluka tinanyamula mabuloko awiriwo, titawakwirira m'mankhusu a mpunga ndi masaka, mpaka ku holo komwe kunali madyerero. Anatipatsa kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa khitchini. Ine ndinkafuna ayambe pompo, poopa kutentha kwa Okutobala.

“Ayi,” anatero. “Atuluke kaye thukuta. Ayisi wongochoka m'firiji ndi waukali. Ukamukhudza ndi chitsulo amang'aluka mpaka pansi.”

Tinakhala pansi kumuyang'ana mpaka atayamba kunyezimira. Apo m'pomwe anatenga macheka n'kudula kunsi kwa buloko iliyonse, komwe kunathawira mpweya uja. Anafunditsa simbi ya makala pang'ono, n'kusalaza nayo mbali imodzi ya buloko iyi ndi imodzi ya iyo, n'kuzigundanitsa. Sipanathe mphindi, zinagwirana ngati zinabadwa pamodzi. Anamata pepala pomwe anajambulapo nsomba ziwiri, n'kuyamba kucheka motsata mizere.

Zinali mpasa, zikukwera mtsinje moyandikana.

Ndaonapo anthu akusema mitengo, koma izi zinali zina. Tchizulo inkangoyenda, tizidutswa tikugwa ngati mchere. Anali ndi matchizulo atatu. Imodzi, ya mlomo wosongoka ngati wa mbalame, anasula okha kuchokera ku chitsulo cha galimoto yakufa, ndipo ndiyo inali yolembera mamba.

“Mtengo uli ndi mitsempha,” ankatero osadzutsa mutu. “Umakuuza wokha kuti dzera uku. Uyu sakuuza kanthu. Ukadula mopitirira, wadula basi.”

Ndinawafunsa chifukwa chomwe zipsepse ankazisiya zonenepa chotero, pomwe za mpasa n'zopyapyala.

“Wosema ayisi sasemera nthawi yomwe akusemayo, aphunzitsi. Amasemera nthawi yomwe anthu adzaone. Izi ziikidwe patebulo wani koloko isanakwane. Ikamati thu koloko, zipsepsezi zikhala zitaonda zokha, zafika pake. Fili koloko zikhala zikadali nsomba. Folo koloko musandifunse.”

Ndinaona kuti dzanja lawo lamanja limanjenjemera, ndipo ankaligwirizira ndi lamanzere. Zala zinali zitafiira. Pakapita kanthawi ankaziviika m'kabeseni ka madzi ofunda, n'kupukuta maso. Diso limodzi lili ndi ng'ala, moti ankachita kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza ayisi.

Mayi wapampando wa komiti ya ukwati atasuzumira, a Longwe anawafunsa kachitatu konse.

“Mayi, nthawi ndi wani koloko ndithu?”

“Pakhadi talemba wani koloko, bambo. Musadandaule.”

Ine ndinachoka cha m'ma leveni, nsomba zitaoneka kale maonekedwe koma mamba asanathe. Pondiperekeza pakhomo anandigwira mkono.

“Mubwere wani koloko ndi foni yanu ija yojambula. Yangayi ndi yongoimbira.”

Ndinalonjeza. Ndinafika kunyumba, ndinasamba, ndinadya, ndinagona pampando. Akazi anga atandigwedeza kuti nthawi yakwana, ndinawayankha mawu omwe inunso munayankhapo wina: “Ukwati uti unayambapo nthawi yake kuno?”

Ndinalowa m'holo fili koloko.

Mipando yambiri inali yopanda anthu. A Longwe ndinawapeza ataima pafupi ndi tebulo lapamwamba, mu jekete lawo la kutchalitchi, atanyamula katoni m'mwamba kutchinga dzuwa lomwe linkalowera pazenera. Pansi pa tebulo panali beseni, madzi akudontha, tho, tho, tho. Mamba onse anali atafafanizika. Maso a nsomba kunalibe. Zipsepse zinatsala ngati timasamba tofota.

Sanandikalipire. Anangoti, “Mwafika, aphunzitsi.”

Bola akanandituka.

Ndinamva pambuyo pake kuti itakwana thu koloko, ataona kuti kulibe chizindikiro cha akwati, anapempha kuti azibweze kozizira. Firiji ya paholopo inali itadzaza zakumwa ndi nyama. Ndiponso iwo eni ankadziwa kuti chosema chikanyowa chotero, kuchinyamula n'kuchithyola.

Amene anaziona zili zathunthu ndi ophika, mayi Asiyatu, ndi amayi awiri achikulire a kutchalitchi amene anafika nthawi yolembedwa pakhadi. Wophika mmodzi anandiuza kuti, “Achimwene, mukanaona. Zinali ngati zilumpha kuchoka patebulopo. Ine mpaka ndinaitana anzanga asiye mpunga pamoto.” Anajambula pa kafoni kake, n'kundionetsa. Pachithunzipo panali kuwala koyera kokhakokha, ngati wajambula zenera.

Nanga akwati anali kuti? Anachedwa kokonzetsa tsitsi. Atachoka kutchalitchi anapita kukajambulitsa. Atafika pageti anakhala m'galimoto ola lathunthu ndi theka, chifukwa mlendo wolemekezeka, bwana wa kuntchito kwa mkwati, anali asanafike, ndipo akuti mwambo sungayambe iye kulibe. Akamuimbira ankangoti, “Ndili pa Benga, ndafika kale.” Benga yakeyo sinkatha.

Analowa akuvina hafu pasiti folo. Pomwepo n'kuti nsomba imodzi itathyoka pamchira n'kugona m'thireyi. Inayo inali ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Anyamata ena anali atayamba kale kubenthulako tizidutswa n'kumaponya m'makapu awo.

Tiyamike atafika patebulo anasiya kuvina.

“Adada, n'chiyani ichi?”

“Zinali mpasa, mwana wanga. Ziwiri. Zonga zomwe ankapha bambo ako.”

Anaika dzanja pa chotsalacho, n'kuyang'ana a Longwe. Akanalankhula, koma woyendetsa mwambo anali atakuwa kale pachimkuzamawu kuti nthawi yatha, perekaniperekani ayambe. Nyimbo inakwera. Anthu anamukokera kumpando wake.

Tsono ndiloleni ndifunse. Kodi ife anthu tinalodzedwa ndi ndani?

Kuchedwa tinakusandutsa nthabwala. Timati ndi nthawi yathu yachikuda, n'kumaseka. Wolemba khadi amalemba wani koloko akudziwa kuti akunama. Wolandira khadi amawerenga wani koloko akudziwa kuti wanamizidwa. Tonse timagwirizana bodzalo, ndipo wolangidwa amakhala mmodzi yekha: amene wakhulupirira.

Onani amene amafika nthawi yake pa zochitika zathu. Ndi okalamba, ndi ophika, ndi amene wayenda wapansi kuchokera kutali poopa kuchedwa. Amene ali ndi galimoto, amene akanafika mosavuta, ndiye wotsiriza. Tinafika poti kuchedwa ndi chizindikiro cha ukulu. Bwana akafika nthawi yake amaoneka ngati wopanda zochita. Ndiye aliyense amene wakwerako pang'ono amayamba kuyeza ulemerero wake ndi kuchuluka kwa anthu omwe auma pomudikira.

Ndipo sizithera pa maukwati. Mayi amadzuka m'mamawa ndi mwana wotentha thupi, n'kukakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, wotsegula chitseko asanabwere. Alimi amaitanidwa ku msonkhano wa eyiti koloko, n'kusiya madimba osathirira, alendo n'kufika masana. Maliro amachedwa kunyamulidwa, adzukulu atakhala padzuwa kumanda, chifukwa wachibale wina wa m'tauni akadali m'njira. Ine ndemwe, zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa, ndinkakwapula ana ochedwa m'mawa, koma misonkhano ya makolo ndinkayiyambitsa mochedwa osapepesa n'komwe.

Timati palibe chaonongeka, si tafika? Timatero chifukwa zomwe zimaonongeka pa kudikira sizioneka. Dimba losathiriridwa silibwera kudzadandaula pamsonkhano. Lowerukali chosiyana chinali chakuti chinthucho chinali patebulo, poyera, chikudonthera m'beseni aliyense akuona. Ngakhale apo, ambiri sanaone. Ndinamva bambo wina akuti, “Komiti imeneyi, ayisi amaika patebulo la akwati?”

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Ife mwambiwu timaunena pamaliro pokha, ngati kuti madzi amatayika tsiku la imfa lokha.

Lachiwiri ndinapita ku Liwaladzi kukapepesa. Ndinawapeza a Longwe pakhonde akupaka mafuta matchizulo aja, n'kumawakulunga m'nsanza. Anandiuza kuti Tiyamike anabwera Lamulungu ndi mwamuna wake, analira, anapepesa, n'kuwapempha kuti amufotokozere mmene zinalili.

“Ndinayesa,” anatero. “Koma ayisi safotokozeka.”

Ndinati mwina tingayesenso chaka chamawa, akamadzakumbukira tsiku la ukwati wawo. Galimoto ilipo, ndipo mayi Asiyatu sangakane.

Anatukula dzanja lamanja lija, likunjenjemera lokha, n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

“Ili linandilola kamodzi, aphunzitsi. Mamba otsiriza ndinalemba mongopapasa, diso litakana. Sindinamuuze munthu.”

Kenako anapitiriza.

“Musaganize kuti ndikulira kusungunukako. Zonse zomwe ndinasema ku Joni zinasungunuka, palibe chinatsala n'chimodzi chomwe. Sizinkandiwawa. Anthu ankakhala ataziona.”

Ndinabwerera pa boma ndikuyendetsa pang'onopang'ono, ngakhale kunalibe chondichedwetsa.

Inu amene mukuwerenga, sindikudziwa kuti sabata ino mwamuuza ndani kuti mwanyamuka kale pomwe madzi osamba akadali pamoto. Koma mutafika, munamufunsa chomwe wataya pokudikirani?