Laputopu Yosadwala

Ku Mlare kuli aphunzitsi opuma amene amakhala okha chimwalirireni akazi awo. Laputopu yawo yakale amaitchula kuti "mnzanga wachifuwa", poti ikamayaka imachita kubanika. Sabata siinkatha isanazime, ndipo a Shafiki okonza mafoni ankabwera kudzaitsitsimutsa, n'kumwera limodzi tiyi mpaka dzuwa kupendeka.

Mwana wa aphunzitsiwo wa ku Mzuzu atawatumizira yatsopano, mwezi wathunthu unadutsa osamva odi pakhomo.

Tsiku lina anaimba foni: "A Shafiki, yadwalanso."

A Shafiki atafika anapeza yakale ija patebulo, makapu awiri atatsukidwa kale.

"Nanga yatsopano ili kuti, adada?"

"Ili m'katoni. Ija sidwala. Nanga kopanda wodwala, ndani amabwera kudzazonda?"