Tsiku limene tinabisa chisakasa cha alamu

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sindinaleke. Nyuzi zokulungira usipa, kapepala ka m'botolo la mankhwala, chilichonse chokhala ndi zilembo ndinkachiwerenga mpaka pansi. Ndinalinso ndi dikishonale imene chiswe chinadya theka, ndiye Chingerezi changa chinali cha mawu a kumapeto okhaokha. Anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Thambani, ankandiyesa wophunzira. Ine sindinkawatsutsa.

Nkhondo itavuta ku Mozambique, pakhomo pathu panafika alamu anga, mlongo wa mkazi wanga amene anakwatira tsidya la malire. Anabwera wapansi ndi akazi awo ndi ana atatu, atanyamula poto ndi bulangete limodzi. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, ndipo tinali titadzazamo kale. Choncho anamanga chisakasa kuseri kwa khola la mbuzi, cha mapesi ndi masaka akale. Udzu wofolera kunalibe, unali utamwetedwa wonse chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Mitambo inali itayamba kusonkhana. Chimene alamu ankafuna n'chimodzi basi: pulasitiki wofolera, mvula isanawapeze anawo.

Kenaka tinamva kuti kukubwera mayi wina wa ku yunivesite kudzachita kafukufuku wa mmene othawa nkhondo okhala m'midzi amagonera. Alamu anaganiza kuti pulasitiki uja wapezeka.

“Alendo adzaone achimwene anga akugona kuseri kwa mbuzi?” anatero mkazi wanga. “Adzatiyesa anthu otani?”

Ndikanatha kumuletsa. M'malo mwake ndinawonjezerapo nzeru zanga, kuti anthu ophunzira amakonda ukhondo, ndinaziwerenga penapake. Tinazira nyumba. Bulangete la alamu tinaliyala kuchipinda kwathu. Pakhomo pa chisakasa tinaunjikapo nkhuni kuti chioneke ngati mosungira nkhunizo. Alamu ndinawabwereka malaya anga opita nawo kutchalitchi.

Mayiyo anafika pagalimoto yodzaza fumbi. Anali munthu waulemu, mpando anaukana, n'kukhala pamphasa ndi mapepala ake pamiyendo.

“Bambo, inu ndi banja lanu mumagona kuti?” anawafunsa alamu.

Alamu anandiyang'ana ine, anayang'ana mlongo wawo. Kwathu mlendo sanyoza pogona pamaso pa amene amusunga, ngakhale atamugoneka pamiyala.

“M'nyumba umu, mayi. Alamu angawa atisunga bwino.”

“Simudontha?”

“Simudontha.”

Apo sananame, nyumba yathu sinkadontha. Ine ndinali pambali kuthira tsabola wa Chingerezi pa yankho lililonse, mayiyo akumwetulira, cholembera chikuthamanga. Atamaliza, alamu anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, “Nanga pulasitiki uja abweretsa liti?”

“Pepani bambo, ife sitigawa zinthu,” anatero mayiyo. “Timangolemba zimene taona. Ogawawo ndi amene amawerenga zolemba zathu kuti adziwe kumene kuli vuto.”

Chisakasa chinali pomwepo, kungozungulira khola. Ndikanangoti, mayi, tabwerani muone. Koma ndikanayamba bwanji, nditangomaliza kudzitama m'zinenero ziwiri? Ndinangoimika dzanja kutsazika mpaka galimoto inazimiririka.

Alamu anavula malaya aja n'kuwapinda bwinobwino.

“Landirani, aphunzitsi. Nyumba yanu ija ndagonamo bwino kwabasi, ngakhale sindinatseke maso.”

“Alamu, musatero. Ndikonza ndine.”

“Mukonza m'Chingerezi kapena m'Chichewa? Mvulatu siimva zonsezo.”

Ndinalemba kalata yoti tinanama. Inanditengera masiku atatu, chifukwa mawu opepesera anali mbali ija inadyedwa ndi chiswe. Ndinapalasa njinga mpaka pa Mwanza boma. Bambo wogulitsa masitampa anaitembenuza envulopu n'kuti, “Achimwene, yunivesite si mudzi wanu. Dzina la mayiyo lili kuti?” Dzina sindinafunse. Tsiku lija ndinatanganidwa ndi kumveka. Ndinaiponyabe m'bokosi.

Sindikudziwa ngati zoona zikanabweretsa pulasitikiyo. Mwina ayi. Ndinadzamva patapita zaka kuti zolemba zotere zimayenda ulendo wautali: wophunzira wina amawerenga, n'kutchula m'buku lake, winanso n'kutchula wotchulayo. Ndiye mwina mpaka lero, m'dziko lina lozizira, alamu akugonabe kuchipinda kwanga, ndipo anthu a madigiri akugwedezera mitu kuti anthu a ku Mwanza amadziwa kusunga abale.

Yankho la kalata silinabwere. Mvula ndiyo inabwera. Ana atatuwo tinawalowetsa m'nyumba, kuwapanikiza pakati pa athu, koma akuluakulu awiri malo analibe. Pa sabata yachiwiri masaka aja anaola, akazi a alamu anayamba kutsokomola mosalekeza. Mmawa wina alamu anamanga katundu wawo n'kunena kuti akupita kumsasa wa othawa nkhondo, kumene analibe m'bale woti amuchititse manyazi.

Ndinakweza mtolo wawo panjinga n'kumaikankha m'matope. Mkazi wanga sanatiperekeze. Anaima pakhonde, chitenje ali nacho kukamwa, mlongo wake akumuuza kuti alowe, anyowa.